Digiri ya Ndowe

Dzina loti Nandowe anamupatsa ndi mchimwene wake, tsiku limene mtsikanayu anafika kunyumba ndi chikwama cha fungo lachilendo n'kuchiika pa tebulo lodyera ngati wabweretsa mphatso. Dzinalo linamukakamira ngati chingamu pa nsapato. Pano ngakhale amayi ake omubereka, akaiwala, amangoti, "Nandowe, tabwera kuno." Iye amayankha bwinobwino, poti manyazi anamuthera kalekale.

Mwanayu kuyambira ali wamng'ono sankakhazikika m'nyumba. Anzake akamasewera zawana, iye ankakhala atagwada kuseri kwa bafa, akuonerera nyerere zikukoka chiwala chakufa. Amayi ake akamachapa yunifolomu yake ankapisa m'matumba ndi kamtengo, chifukwa tsiku lina anapisamo dzanja n'kugwira chinthu chomwe chinawagwiranso.

Bambo ake, omwe anthu ankangowatchula kuti a Positi, anagwira ntchito yosankhula makalata kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Munthu wa dongosolo ameneyo! Masokosi awo anali ndi manambala. Kapepala kalikonse kolembedwa nambala sankataya, ngakhale risiti ya mchere. Atapuma pantchito anayamba kulima matimati m'matumba kuseri kwa nyumba, ndipo kwa zaka khumi ndi chimodzi anali pa nkhondo yosalengeza ndi aneba awo, bambo wina wokonza mawailesi, amene matimati ake ankaoneka pamwamba pa mpanda, akuluakulu, ofiira psuu, ngati akuchita dala. A Positi awo ankatuluka tating'ono ngati maso a mphaka. Nkhani imeneyi pakhomopo sinkatchulidwa.

A Positi ankakhulupirira chinthu chimodzi: munthu wophunzira amakhala pamthunzi, pa mpando wozungulira. Ndiye Nandowe atamaliza digiri yoyamba n'kupeza ntchito yosunga mafayilo mu ofesi ina, iwo anayenda msewu wonse akuuza anthu, ngakhale amene sanafunse. Chipinda chimene Nandowe ankagwiramo ntchito chinalibe zenera. Munali babu limodzi lophethiraphethira, mashelefu ofika kudenga, ndi fungo la mapepala akale. Anapiriramo zaka zinayi, ndipo chamoyo chokhacho chimene ankacheza nacho chinali kangaude wa pakona. Tsiku limene wosesa anapha kangaudeyo, Nandowe analemba kalata yosiya ntchito.

"Ndikubwerera ku yunivesite, Bambo," anatero madzulo ake. "Ndikachite digiri yachiwiri, ya za chilengedwe. Ndikufuna ndizikagwira ntchito kunkhalango."

A Positi anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Za chilengedwe? Iwe, chilengedwe chinalengedwa kale, chinatha, mwiniwake anapumula. Iweyo ukawonjezerapo chiyani?"

"Kuchiteteza, Bambo."

"Ha! Makolo athu anavutika kutichotsa kutchire, ife tavutika kukuphunzitsa, iwe ukuti uphunzire kwambiri kuti ubwerere kutchire komweko. Mayi ake mwana, mukumumva mwana wanuyu?"

Amayi anati akumumva, ndipo anamumva kale ali ndi zaka zisanu.

Nandowe ankaganiza kuti maphunziro amenewa n'kungoyenda m'mapiri, mphepo ikukupita pankhope. Anadziwa mochedwa! Theka la nthawi ankakhala pa kompyuta, akulimbana ndi masamu omwe ngakhale kompyutayo inkaoneka kuti ikuwakayikira. Womuyang'anira anali mayi wina wowonda, wa magalasi apamphuno, amene ophunzira ankawatcha Mayi Lembanso, chifukwa ngakhale utawapatsa pepala lolembedwa dzina lako lokha, ankaliyang'ana kawiri n'kunena kuti, "Lembanso." Theka linalo ndiye ankakhaladi kunkhalango, koma osati akuyang'ana mapiri. Maso ankakhala pansi, akusaka ndowe.

Nkhani yake inali yotere. M'nkhalango imene ankafufuzayo munali mtengo wina wa khungwa lofiira, wa dzina lachilatini lalitali loti a Positi atayesa kulitchula kamodzi anangoti basi, dzina lake ndi Mlatini. Mitengo ya Mlatini inalipo ikuluikulu yokhayokha, nkhalamba zenizeni. Zipatso inkabereka chaka ndi chaka, koma kamtengo kakang'ono sikankapezeka ngakhale kamodzi. Nandowe ankaganiza kuti njere zake sizimera pokhapokha zitadutsa kaye m'mimba mwa nyama ina yake. Nyama yanji? Funso lake linali limenelo, ndipo yankho linali m'ndowe. Ndiye anatola za njovu, za anyani, za agwape, za nguluwe, n'kumaziumitsa padzuwa, chilichonse mu envulopu yakeyake, pamwamba atalembapo nambala ndi zilembo ziwiri. Zaka ziwiri, abale, mtsikana wa digiri akulondola nyama kumbuyo ngati ali nazo mlandu.

Mkulu woyang'anira nkhalangoyo anamuona mmene ankagwirira ntchito, n'kumutsina khutu. Panali malo amodzi a ntchito yoteteza mitengo, oti atsegulidwa kumapeto kwa chaka, koma ankafuna munthu woti digiri yachiwiri ili m'manja. Ikapanda kutha pofika nthawiyo, malowo atenga wina, ndipo malo otere satseguka kawirikawiri. Nandowe akatseka maso ankaona chipinda chopanda zenera chija chikumudikirira, babu likuphethira.

Ndowe zija anazigawa patatu. Gawo loyamba anafesa m'nyumba yagalasi ya ku yunivesite, momwe madzi amawaza okha pa nthawi yake ndipo munthu salowamo asanapukute nsapato. Munamera nkhungu. Anafesa gawo lachiwiri, munamera nkhungu ina, ya mtundu wokongolerapo. Mayi Lembanso anayang'ana m'mathireyi muja n'kunena kuti gawo lachitatu asalikhudze kaye mpaka adziwe chimene akulakwitsa, chifukwa likatha limenelo ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Inali itatsala miyezi isanu. Ndipo poti m'chipinda chosungiramo zinthu cha ku yunivesite makoswe anali atayamba nawonso kafukufuku wawo, Nandowe ananyamula maenvulopu makumi asanu ndi limodzi otsalawo n'kupita nawo kwawo.

Amayi anamutsekera njira pakhomo, manja m'chiuno.

"Zimenezo m'nyumba mwanga muno ayi. Ndinapirira ziwala, ndinapirira achule, koma izi ndakana."

"Amayi, si zoopsa ayi. Zauma gwa, sizinunkhanso. Zili ngati manyowa basi."

"Ngati ndi manyowa, malo ake ndi kushedi."

A Positi anali pakhonde akuwerenga nyuzi. Pa zonse zimene zinalankhulidwa, khutu lawo linatolapo liwu limodzi lokha, ndipo liwulo linakhazikika mumtima mwawo ngati uthenga wabwino. Nandowe anasanja maenvulopu mu katoni, n'kuika pa shelefu ya m'shedi, pakati pa khasu ndi chitini chothirira. M'mawa mwake ananyamuka kupita kunkhalango, kukakhala masabata asanu ndi awiri akuyeza dothi ndi kutentha kwa pansi pa mitengo.

Anabwerako atada bii, milomo itang'ambika, miyendo ili zipsera za nkhupakupa zokhazokha. Sanakhale n'komwe pansi. Anangoponya chikwama pakhonde n'kulunjika kushedi. Katoni inalipo, itapindidwa bwinobwino, itatsamira khoma, mkati mulibe kanthu.

Anatuluka n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko anapeza munda umene sanauonepo chibadwire. Matumba makumi asanu ndi limodzi ali ndandanda m'mizere inayi, thumba lililonse lili ndi tsinde la matimati, ndipo pambali pa tsinde lililonse pali kamtengo, pa kamtengo pali envulopu yake, yovekedwa kapulasitiki kuti isanyowe. Pakati pa zonsezi panaima a Positi, atavala chipewa chawo chakale cha kuntchito, nkhope ikuwala.

"Wafika! Bwera udzaone. Mwana iwe, ndinkakunyoza, koma manyowa akowa ndi nkhani ina. Taona mzere wa kukhomawu. Aneba aja masiku ano sakundipatsanso moni."

Mawu a Nandowe anatuluka onse pamodzi.

"Bambo! Mwachita chiyani? Zaka ziwiri! Zaka ziwiri ndikugona m'tenti, ndikulumidwa ndi chilichonse chokhala ndi mano, inu n'kutenga zonsezo kuthira m'matimati? Amenewa si manyowa, ndi digiri yanga!"

"Unanena wekha ndi pakamwa pako kuti manyowa."

"Ndinati ngati manyowa! Ngati!"

"Aaa, kaliwu kakang'ono kameneko ndikanakamva bwanji ndili pakhonde?"

"Simunafune n'komwe kuti ndichite maphunziro amenewa. Mwakondwa tsopano? Ndibwerera kumafayilo kuja, muzikauzanso anthu mumsewu kuti mwana wanu ali pa mpando wozungulira."

Mawu amenewo anawalasa a Positi, ndipo Nandowe anaona kuti awalasa, koma mtima unali utamupsa moti sanawabweze. Anakhala pa chidebe chovundikira n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kotuluka ndi mamina komwe, kumene sanalire kuyambira ali kupulayimale. Amayi anasuzumira pazenera la kukhitchini, n'kuona kuti apa mpofunika kusalowererapo, n'kutseka katani.

A Positi sankadziwa kupepesa. Pa moyo wawo wonse sanasocheretsepo kalata, ndiye analibe poyeserera. Anaima kanthawi akukanda m'khosi, kenako anachita zimene amachita amuna ambiri akalakwa, anayamba kudandaula iwowo.

"Komanso usaone ngati manyowa akowa ndi abwino kwambiri. Ali ndi vuto lake. Adzaza udzu. Makamaka a ng'ombewa."

"A ng'ombe ati?" anafunsa Nandowe, nkhope ili m'manja. "Kunkhalango kulibe ng'ombe."

"Awa unalemba Ng awa. Nj ndinadziwa kuti njovu, Ny anyani, Ag agwape. Ng ndiye ng'ombe, nanga n'chiyaninso? N'chifukwa chake ndinawapatsa malo abwino, kukhoma kuno kumene kumafunda, n'kumawathirira madzi othuma padzuwa."

"Ng ndi nguluwe, Bambo."

"Nguluwe!" A Positi anabwerera m'mbuyo ngati aponda moto. "Ukutanthauza kuti matimati anga abwino onsewa akudya za nkhumba ya m'tchire? Asa! N'chifukwa chake udzu wake ndi wamwano chonchi. Ukauzula umabwera ndi muzu wautali ngati mchira wa khoswe. Ndinazula m'matumba angapo, msana n'kundigwira. Wotsalawu ndithana nawo Loweruka. Taona, kaudzu kanji kokhala ndi tsinde lofiira?"

Nandowe anadzutsa mutu. Anadzuka pa chidebe paja pang'onopang'ono, n'kukagwada pa thumba limene bambo ake ankaloza, n'kupatula masamba a matimati. Pansi pake, mumthunzi, panali kambewu kotalika ngati chala, tsinde lofiira, timasamba tiwiri tokhuthala, ndipo pansonga pake chikhokho cha njere chidakali chomata ngati kachipewa. Chikhokho chimenecho ankachidziwa kuposa nkhope ya mchimwene wake. Anali atachiyeza, kuchijambula, kuchilota. Koma mwana wa Mlatini wamoyo, ataima yekha pa dothi, anali asanamuonepo, ndipo mkulu wa nkhalango uja, pa zaka zake zonse kumeneko, nayenso anali asanamuonepo.

Anakwawa ndi mawondo kupita pa thumba lotsatira. Tiwiri. Lotsatira, kamodzi. Lotsatira, tinayi. Anathamangira ku mizere ya njovu, anyani ndi agwape, kunalibe kalikonse. Tonse tinali m'matumba khumi ndi asanu a kukhoma.

"Bambo," anatero ndi mawu a munthu amene akuopa kudzutsa khanda, "timene munazula tija, tinali m'matumba ati? Mungakumbukire?"

A Positi anakhumudwa nalo funsolo kuposa mawu onse oyamba aja.

"Kukumbukira? Ine ndimachita kukumbukira ngati munthu wopanda cholembera?"

Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabuku ka chikuto chakuda. Poti iwo ankafuna kudziwa kuti ndi manyowa ati amene angagwetse aneba aja, anali atalemba zonse. Tsiku lothira manyowa, thumba ndi nambala yake. Madzi makapu angati, nthawi yanji, ofunda kapena ozizira. Tsiku limene kunachita mitambo. Ndipo apa ndi apo, m'zilembo zawo zoima njo ngati asilikali: "Thumba 33. Udzu wa tsinde lofiira, uwiri. Ndazula." "Thumba 36. Udzu womwe uja, utatu. Wamwano. Ndazula."

Nandowe anaseka, akulira, kabuku kali pachifuwa. A Positi anacheukira kuzenera n'kufuula kuti, "Mayi ake mwana, tabwerani, dzuwa la kutchire lamuzunguza mutu mwanayu."

Mawa lake Mayi Lembanso anafika okha pakhomopo. Anakana mpando, anakana tiyi, analunjika kuseri n'kunjuta pa thumba lililonse. Kenako anapempha kabuku kaja n'kukawerenga ataimirira, tsamba ndi tsamba, magalasi ali pamphuno. Nandowe anadikira liwu lija. Silinabwere.

"Bambo, munaphunzira kuti kulemba chonchi?"

"Ku positi, mayi. Kalata ikasochera, wolakwa amakhala munthu, osati kalata."

"Ophunzira anga onse akanamalemba chonchi, bwenzi ine ndili wonenepa." Anatembenukira kwa Nandowe. "Nyama yako waipeza, ndipo n'kutheka kuti nyumba yathu yagalasi ija imazizira kwambiri. Koma timasamba tiwiri sitingakhutiritse oyesa mayeso. Timitengoti tikule miyezi iwiri, uzitiyeza sabata iliyonse, mpaka masamba enieni atuluke, aliyense aone yekha kuti ndi mtengo womwewo. Kutizula kuti ukatiwokere pena usayerekeze, muzu wake ukaduka tafa. Ndipo pansi pa matimati pamenepa sitikhalitsa. Taona, timitengo tina tayamba kale chikasu. Matimatiwa akuphimba dzuwa, akulanda chakudya. M'thumba limodzi simungakhale mbewu ziwirizi."

A Positi pa nthawiyo anali atatanganidwa kwambiri ndi kumanga kachingwe kamene kanali komangidwa kale.

Nandowe anayang'ana mzere wa kukhoma uja. Mitengo ya matimati khumi ndi isanu, yofika m'chiuno, masamba ali biriwiri, maluwa achikasu ali mbwee, ndipo m'munsi mwake timatimati tatiwisi tolendewera m'magulu, tina takula kale ngati dzira. Zaka khumi ndi chimodzi bambo ake akugonja, ndipo chaka chino kunali kutatsala masabata atatu okha kuti afiire pamaso pa aneba. Anatsegula pakamwa kuti apemphe, koma anakumbukira zimene anawanena dzulo lake, ndipo anachita manyazi, manyazi amene ankaganiza kuti anamuthera kalekale. Pa chakudya chamadzulo palibe anaitchula nkhaniyo. Amayi okha ndi amene analankhula, za mtengo wa sopo.

M'mawa anadzidzimuka ndi phokoso la wilibala. Anatuluka osavala nsapato. Kukhoma kuja kunali mbee, dzuwa likuwomba mwachindunji pa matumba khumi ndi asanu, ndipo m'thumba lililonse munaima timitengo tofiira tokhatokha. A Positi sanachite kuwazula matimati aja, poopa kugwedeza mizu ya timitengoto. Anawadula ndi mpeni m'munsi mwenimweni, limodzilimodzi. Anali ataunjikidwa mu wilibala, maluwa ndi zipatso zomwe, ndipo a Positi anali akuikankha kupita kudzala, msana uli wopindika.

Pamwamba pa mpanda panatulukira mutu wa aneba aja.

"Kwagwanji, a Positi? Alowa matenda?"

"Ayi," anayankha osaima. "Ndasintha mbewu. Zimene ndikulima panozi inu simungazithe, zimafuna sukulu."

"Bambo," anatero Nandowe.

"Usandiyang'ane choncho iwe. Anali a nguluwe, ndani akanadya? Tenga chitini uko, madzi athuma kale. Makapu awiri thumba lililonse, osati kungokhuthula ngati ukuzimitsa moto."

Timitengo makumi awiri ndi titatu tinapulumuka. Nandowe anamaliza kutatsala masiku asanu ndi anayi, atalembanso kanayi, poti Mayi Lembanso sakanalola kuti dzina lawo lipite pachabe. Ntchito ija anaipeza. Lero amakhala m'kanyumba ka malata m'mphepete mwa nkhalango, ka mazenera atatu, ndipo mbali ina ya ntchito yake ndi kuyenda m'midzi yozungulira kukapempha alimi kuti asamatchere nguluwe misampha, zimene zimachititsa kuti anthu azimuyang'ana ngati wamisala. A Positi akafunsidwa kuti mwana wawo amagwira ntchito yanji, amati ndi loya wa nkhumba za m'tchire. Matimati awo anabwerera mwakale, tating'ono ngati maso a mphaka.

Kabuku kakuda kaja oyesa mayeso anakapempha kuti akaone, ndipo katabwerako Nandowe sanakabwezenso kwa mwiniwake. Tsamba lomaliza analiona patapita nthawi, ali yekha kunkhalango, akufufuza tsiku lina lake la mitambo. Linali la m'mawa uja wa wilibala, zilembo zili njo monga mwa nthawi zonse:

"Matumba 30 mpaka 44. Mitengo ya mwana wanga, 26, atatu odwala. Udzu wa maluwa achikasu, 15. Ndachotsa."